Mtima wa Ababa Unayezedwa Papepala

Ababa, munanama. Moyo wanu wonse anthu a ku Kasisi ankakutengani kuti mukachitire umboni pa malire a minda, chifukwa mawu anu sankafuna lumbiro. Bodza munanena limodzi lokha, ndipo ndi lomwe lakugonekani m'manda. Sindikukwiyirani inu. Ndakwiyira otsala, ndi ine ndemwe. Abusa andipempha kuti ndilembe nkhani yoti achinyamata a mumpingo awerenge. Sukulu ndinalekera Fomu 1, chifukwa chake mukuchidziwa, koma kulemba ndimatha. Zina ndinaona ndi maso, zina Duncan anandiuza yekha nthawi itatha kale. Ndilemba ngati nkhani ya anthu ena, dzina langa lomwe ndilitchula ngati la mlendo, chifukwa ndikati "ine" cholembera chikuboola pepala.

*

Ku Kasisi, m'chigwa cha Shire, kuseri kwa tchalitchi, kunali nyumba ya a Jeremiya ndi akazi awo a Emelia. A Jeremiya anali kapitawo wa madzi pa esiteti ya nzimbe. Ndiwo ankatsegula ndi kutseka zitseko za ngalande, ndipo madzi sankapita munda wolakwika iwo alipo. Pakhomopo mbuzi zinali ndi khola, ana anali ndi nsapato za Lamulungu, ndipo palibe ankadya asanapemphere.

Ana anali awiri, Mavuto ndi mng'ono wake Duncan. Chaka chomwe madzi osefukira anakokolola thonje, ndalama za fizi zinangokwanira mwana mmodzi. Mavuto anatsika sukulu n'kukwera njinga ya kabaza. Duncan, amene anali ndi mutu wa masamu, anapitiriza mpaka anapeza ntchito ya ukalaliki pa chipatala china cholipira ku Blantyre, mu ofesi ya mabilu.

Tsiku lonyamuka, a Jeremiya anamuperekeza mpaka pamsewu.

"Kumene ukupitako sukagwira khasu," anatero. "Khasu likaphonya limadula chala chako, umaona magazi n'kusiya. Cholembera chikaphonya chimadula munthu amene sukumuona."

"Ndamva, Ababa."

"Ndipo ku tchalitchi uzilowa," anawonjezera a Emelia, "osati kungotitumizira chithunzi utaima pakhomo pake."

*

Ntchito ya Duncan inali iyi. Chilichonse chomwe dokotala wachita pa wodwala chili ndi nambala yake. Kalaliki amawerenga lipoti la dokotala, amasankha nambala yoyenera, n'kutumiza bilu ku kampani ya inshuwaransi kuti ilipire. Nambala zonenepa kuposa zonse zinali za kuyeza mtima ndi kachubu. Dokotala amalowetsa kachubu kowonda ngati udzu mu mtsempha wa pamkono, amakakankha mpaka ku mtima, amathira mankhwala ooneka pa chithunzi, n'kuona ngati pali mtsempha womwe watseka. Akayeza mbali ya kumanzere yokha, nambala ndi ina. Akayeza mbali zonse ziwiri, nambala ndi ina yodula. Mankhwala ali ndi yake, kuwerenga zithunzi kuli ndi yake. Kuyeza kumodzi kokha kunkaposa malipiro a Duncan a chaka chonse.

Miyezi isanu Duncan sanalakwitse nambala ngakhale imodzi. Kenako mkulu wa ofesiyo, Thom, anaima kumbuyo kwake, makiyi a galimoto akulira pachala.

"Wakuchigwa, walemba chiyani apa?"

"Kumanzere kokha, achimwene. Ndi mmene lipoti likunenera."

"Mtima uli ndi mbali zingati?"

"Ziwiri."

"Ndiye ukuusiyiranji theka? Kwanu mbuzi mumapha mbali imodzi? Sintha nambalayo."

"Koma dokotala sanayeze kumanja."

"Wodwala salipira, aise. Imalipira ndi kampani. Unayamba waiona kampani ikulira?"

Duncan anasintha. Chinali chala chimodzi, kamodzi. Ndalama za pamwambazo Thom ankadziwa pozitulutsira, iye ndi Nancy, mayi wa ku kampani ya inshuwaransi amene ankavomereza mabilu. Mwezi utatha Duncan anapeza envelopu mu dirowa yake. Anaiwerenga m'chimbudzi. Mwezi wotsatira anaiwerengera patebulo.

Thom sankakhudza kompyuta. Ankangoima kumbuyo n'kumanena. Zala zinali za Duncan, ndipo dzina lolowera pa kompyuta linali la Duncan.

Posakhalitsa kukweza nambala kunawachepera.

"Tikufuna makhadi a inshuwaransi ogona," anatero Thom tsiku lina akudya tchipisi. "A anthu akumudzi, odulidwa ndalama mwezi ndi mwezi koma osadwala. Mdala wako ali pa esiteti, si choncho? Amadwala?"

"Sanagonepo m'chipatala."

"Ndiye khadi lake likuola. Chaka chikatha, ndalama zomwe sanagwiritse zimatsala kwa eni kampani. Ukuba chiyani pamenepo? Ukungotola masawu ogwa okha."

"Ndi bambo anga, achimwene."

"N'chifukwa chake ndikunena iwe. Ukufuna adye ndani, mwana wa eni ake?"

*

Pa Pasaka Duncan anatsika phiri ndi chikwama chodzaza. Anabweretsa chitenje cha amayi ake, magolosale, ndi nsapato zachikopa za abambo ake. A Jeremiya anazitembenuza, n'kuyang'ana foni yaikulu yomwe inali m'manja mwa mwana wawo.

"Malipiro akwera?"

"Ndi ovataimu, Ababa."

"Ovataimu ya kalaliki imagula foni ya mtengo wa ng'ombe? Ine ndagwira ovataimu zaka makumi atatu, ndinagula wailesi." Anabweza nsapatozo m'bokosi. "Nkhabe, ayi. Phazi langa silikwana m'chinthu chomwe sindikudziwa kochokera. Ngati pali dzenje lomwe waponda, tulukamo mwendo usanalowe wonse."

"Mwana wabwera ndi mphatso, inu mwayamba bwalo la milandu," anadandaula a Emelia.

Masana amenewo, anthu atapita kukaona mapira kumunda, Duncan anatsegula sutikesi ya abambo ake. Khadi la inshuwaransi linali mu pulasitiki pamodzi ndi makalata a ubatizo, latsopano ngati labwera dzulo. Analijambula ndi foni ija, kutsogolo ndi kumbuyo.

Pa 14 Juni, kompyuta ya chipatala inalandira wodwala dzina lake Jeremiya, woyezedwa mtima ndi kachubu, mbali zonse ziwiri. Thom anabweretsa lipoti la munthu wina n'kuuza Duncan kuti asinthe dzina ndi zaka.

"Tenga la munthu wopezeka bwino," anatero. "La wodwala limaitana mafunso."

Choncho lipotilo linati mitsempha yonse ya mtima wa a Jeremiya ili bwino, palibe potseka. Duncan anaona ngati akuwadalitsa. Pofunika saini ya wodwala, analemba J wa mchira wautali amene anamuphunzira ali mwana poyang'ana malipoti ake a sukulu. Nancy anavomereza bilu tsiku lomwelo. Ndalama za khadilo za chaka chonse zinatha ndi chala chimodzi.

Duncan anagula njinga yamoto ndi sofa, anasamukira m'nyumba ya matailosi, ndipo Lachisanu lililonse ankagulira mowa anthu omwe mayina awo sankawadziwa. Ku tchalitchi analeka ngakhale kujambulitsa pakhomo.

*

Mu Novembala, dzuwa likuwotcha mpaka phula kufewa pa Dyeratu, a Jeremiya anamva ngati wina wawaika thumba la simenti pachifuwa. Ululu unatsikira kumkono wa kumanzere. Zinachitika katatu sabata imodzi. Namwino wa pa kiliniki ya esiteti anawalembera kalata yoti akaonedwe ndi dokotala wa mtima ku Blantyre.

Anakwera minibasi atatu, iwo, a Emelia ndi Mavuto. Pokhota m'phiri a Jeremiya ankapuma movutika, koma ankaseka.

"Ena amapita kwa alendo," anatero. "Ife tikupita kwa mwana wathu."

Duncan anawapeza pa benchi ya chipatala, kalata ili m'manja. Analowa nawo kwa dokotala ngati mwana wabwino.

Dokotala anawamvetsera pachifuwa, anafunsa mafunso, n'kunena kuti zizindikiro zotere zimafuna kuyeza ndi kachubu msanga. Anatembenukira ku kompyuta. Anawerenga zolembedwa pa dzina lawo.

"Koma bambo, munayezedwa kale konkuno mu Juni. Anakuyezani ndi mnzanga amene anachoka. Mitsempha yonse inali bwino."

"Juni?" anatero a Emelia. "Mu Juni abambo ake Mavuto sana..."

Dokotala anatulutsa pepala mu fayilo n'kuliika patebulo. "Saini iyi si yanu, bambo?"

A Jeremiya anavala magalasi. Anayang'ana J wa mchira wautali uja nthawi yaitali. Kenako anakweza maso n'kuyang'ana Duncan. Duncan ankayang'ana matailosi.

"Ndi yanga," anatero a Jeremiya.

"Abambo ake Mavuto..."

"Amake Mavuto, inu munali ku Tengani ku maliro. Simunadziwe."

A Emelia anatseka pakamwa ndi chitenje. Mavuto, amene ankawanyamula abambo ake panjinga m'mawa uliwonse wa mwezi wa Juni kupita nawo ku esiteti, naye anatseka pakamwa. Kwathu mwana satsutsa bambo ake pamaso pa mlendo. Anthu anayi ankadziwa zoona m'chipinda chimenecho, ndipo amene sankadziwa ndi dokotala yekha, amene akanatha kuthandiza.

Dokotalayo anayesabe. Anaimbira foni kampani ya inshuwaransi. Anamuyankha kuti salipira kuyeza komweko kawiri chaka chimodzi munthu atapezeka ali bwino, ndiponso ndalama za khadilo zinatha. Anatchula mtengo wolipira m'thumba, a Emelia anagwira m'mutu.

"Musade nkhawa kwambiri, mayi," anatero dokotala. "Mitsempha yomwe inali yoyera miyezi isanu yapitayo siingatseke chonchi. Mwina ndi asidi wa m'mimba." Analemba mapilisi a m'mimba.

Panja, pansi pa mtengo wa pamalo oimika magalimoto, Mavuto anamugwira Duncan pakolala.

"Ndinatsika sukulu kuti iwe ukaphunzire kubera bambo ako?"

"Msiye," anatero a Jeremiya. Anakhala pa mwala, akupuma ngati akwera phiri wapansi. "Duncan, bwera kuno. Ndanama pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa amako. Sindikanatha kuona akukumanga unyolo ine ndili pompo. Koma sindinakukhululukire kuba, ndangokupatsa masiku. Lolemba ukalowe kwa mkulu wa chipatala, ukanene ndi pakamwa pako. Wodziulula yekha amamumvera chisoni. Ukanena, lipoti labodzalo alichotsa, ine andiyeza. Wamva?"

"Ndikanena, Ababa. Lolemba."

"Ndipo iwe Mavuto, usatsegule pakamwa. Mphwako anene yekha."

*

Lolemba Duncan anayamba wauza Thom. Thom anatseka chitseko cha ofesi.

"Ukanene chiyani? Kuti unasaina dzina la bambo ako? Ukudziwa zaka za kundende za zimenezo?"

"Akudwala, achimwene. Akufunika kuyezedwa."

"Lero ndi liti? Kwatsala masabata asanu ndi limodzi. Januwale akafika khadi lidzaza lokha, lipotilo tilichotsa mwakachetechete, mdala ayezedwa ngati bwana. Anthu a kuchigwa inu ndi zitsulo, mumadya mapira. Afe ndi chiyani m'masabata asanu ndi limodzi?"

"Ndibwerekeni ndalama, ndilipire ndekha."

"Zanga zili mu simenti, mphwanga. Ndikumanga."

Tsiku lomwelo Duncan anafika pa chitseko cha mkulu wa chipatala. Anawerenga dzina lolembedwa pachitsekopo, n'kufunsa mlembi ngati ali ndi sitepula yomangira mapepala. Lachinayi anafikanso, n'kubwerera.

Foni inkalira m'mawa uliwonse.

"Wanena?"

"Abwana ali ku Lilongwe, Ababa."

Sabata yotsatira: "Wanena?"

"Ali pa tchuthi."

"Duncan, ine chifuwa sichili pa tchuthi."

Anayesa njira ina, yoti ndalama zimulankhulire. Anagulitsa njinga yamoto, sofa ndi foni, pamtengo wa munthu wothawa. Kumudzi Mavuto anagulitsa njinga yake ya kabaza, a Emelia anagulitsa mbuzi zisanu ndi ziwiri. Zonse pamodzi sizinafike theka. Mavuto anamuimbira Duncan pa foni ya mnzake wa kuntchito.

"Mawa ndikukwera minibasi. Ndikanena ndine."

"Achimwene, chonde, mpaka Januwale."

"Januwale ndi ndani? Ndi dokotala?"

Koma a Jeremiya anamva, n'kumuletsa. "Ukapita, usadzanditchulenso kuti bambo." Ndipo Mavuto, chitsiru chomvera, anakhala.

A Jeremiya ankamwa mapilisi a m'mimba aja mokhulupirika, akudziwa bwino kuti m'mimba mwawo mulibe vuto, n'kumapitabe ku ntchito kuti anthu asafunse. Pa 9 Disembala m'mawa, akupotoza chitsulo chotsegulira madzi pa ngalande yaikulu, anagwada, n'kugwa chafufumimba. Pamene thirakitala inkafika nawo pa kiliniki, anali atazizira. Kunali kutatsala masiku makumi awiri ndi atatu kuti Januwale afike.

*

Duncan atalandira uthenga anakwera minibasi ya ku Chikwawa. Potsika phiri anaona chigwa chonse chili pansi pake, Shire akunyezimira, nzimbe zili biriwiri. Anaganiza za maso a amayi ake ndi manja a Mavuto. Pa Thabwa anatsika, anakhala pa benchi ya wogulitsa nthochi, kenako anawoloka msewu n'kukwera yobwerera ku Blantyre.

Kuthawako sikunamuthandize. Namwino wa pa esiteti, amene analemba kalata ija, sanamvetse kuti munthu wa zizindikiro zotere anabwezedwa bwanji ndi mapilisi a m'mimba. Anaitanitsa lipoti. Ataona tsiku la 14 Juni, anakatsegula buku lomwe antchito amasaina polowa ntchito. Tsiku limenelo a Jeremiya anasaina 6 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo, pa esiteti, osati ku Blantyre.

Mu Febuluwale, namwinoyo atakanena, apolisi analowa mu ofesi ya mabilu. Thom anawalandira ndi ulemu n'kuwapatsa mipando.

"Ine kompyuta sindikhudza, bwana. Onani dzina lomwe linkalowa. Mnyamatayu ndinkamukhulupirira ngati mng'ono wanga. Munthu wobera bambo ake omubereka, ine ndikanamudziwa bwanji?"

Mabilu abodza anapezeka makumi anayi ndi limodzi, onse pa dzina la Duncan. Nancy anali atasiya kale ntchito. Khoti linamupatsa Duncan zaka zisanu ndi chimodzi. Thom anamaliza nyumba yake, ndipo akuti ili ndi mpanda wamagetsi.

Mavuto anapita kukamuona kamodzi. Duncan anali atawonda, khosi ngati la nkhuku yodwala chitopa. Anafotokoza zonse kuyambira pa nambala yoyamba ija, osabisa kanthu.

"Achimwene, anatchula dzina langa asanamwalire?"

"Ankatchula m'mawa uliwonse. Iwe unkati abwana ali ku Lilongwe."

"Mundikhululukire."

"Mawu amene ukundiuza lero, ukanawauza chitseko chija mu Novembala, unakamangidwa chimodzimodzi, koma bambo ako akanakubweretsera chakudya kundende kuno. Pempha Mulungu. Ine sindinafike."

*

Inu achinyamata amene mukupita kukagwira ntchito za m'maofesi, imvani. Palibe kuba kopanda mwini. Akakuuzani kuti imalipira ndi kampani, dziwani kuti kuseri kwa nambala iliyonse kuli munthu wa magazi, ndipo tsiku lina munthuyo adzakhala wanu. Tchimo laling'ono likakulipirani kamodzi, lalikulu simuliona kukula kwake. Mukagwa, ululani tsiku lomwelo, chifukwa imfa siidikira Januwale. Inunso makolo, musaphimbe mwana ndi bodza, mukumukumbira dzenje lalikulu ndipo inu mulowamo poyamba. Ndipo ana anzanga, ulemu ndi wabwino, koma bambo akamanama kwa dokotala, tsegulani pakamwa ngakhale akutembererani. Bambo wokwiya amapumabe mpweya.

Ababa, pamaliro anu anthu anadza. A pa esiteti anabwera pa thirakitala ziwiri. Achibale a amayi anapalasa njinga kuchokera ku Tengani. Namwino uja anabwera wapansi, ndipo analira kuposa ena a magazi anu. Amene sanabwere ndi awa, ndipo abusa asafufute mzere umenewu.

Thom sanabwere. Anatumiza chipepeso pa foni, ndinachibweza ola lomwelo.

Nancy sanabwere, amene anavomereza mtima wanu osauona.

Mkulu wa chipatala sanabwere, amene mabilu abodza makumi anayi ndi limodzi anadutsa pansi pa mphuno yake iye akusangalala kuti chipatala chikupindula.

Anzake a mowa a Lachisanu, amene anamwa khadi lanu mpaka kuuma, palibe ndi mmodzi yemwe.

Ndi Duncan, mwana wanu wachiwiri. Adzukulu anali atamaliza kukumba m'mawa, koma tinaimitsa bokosi mpaka dzuwa linafika pamutu, amayi ataima pamsewu, akusuzumira m'minibasi iliyonse yochokera kuphiri. Sanabwere.